Tsiku Limene Leto Anachirira M'bwato

Sonkhezerani motowo kaye, chifukwa nkhani iyi ikuchokera kutali, kudziko la Agiriki, masiku amene milungu yawo inkayendabe m'njira za anthu, fumbi lili mbuu kumapazi.

Pakati pa nyanja yamchere panali kachilumba ka miyala yokhayokha. Panali nyumba makumi awiri, chitsime chimodzi, mbuzi zowonda ndi mitengo ya azitona yopindika ndi mphepo. Pamenepo pankakhala mayi wina wamasiye dzina lake Mirina, mzamba wa pachilumbapo. Anali wamfupi, wa manja akuluakulu, wosakonda zocheza akakhala pa ntchito. Aliyense wosapitirira zaka makumi atatu pachilumbapo anafikira m'manja mwake. Amayi asanu ndi awiri amene analephera kuwapulumutsa pa zaka zonsezo ankawakumbukira mayina mmodzimmodzi.

Mwana wake mmodzi yekhayo, Nikasa, anali ndi pakati poyamba, ndipo mwezi wake unali utakwana. Mwamuna wa Nikasa anali msodzi, dzina lake Damoni, munthu wabwino mtima koma wamantha ndi zinthu zimene sangazigwire ndi manja.

Zinayamba ndi chingwe cha pachitsime. M'mawa wina Mirina atapita kukatunga anapeza chingwecho chili ndi mfundo pakati. Anaimasula akung'ung'udza za anthu osasamala. Mawa lake mfundo zinali zitatu, zolimba ngati wazimanga munthu wokwiya. Tsiku lachitatu chingwe chonse chinali mfundo zokhazokha, chitafupika mwakuti mtsuko sunkafikanso pamadzi.

Asodzi ankayanika maukonde awo bwinobwino, pobwera n'kuwapeza atapotana ngati zisa za mbalame. Mbuzi zisanu zimene zinali pafupi kuswa zinangoima m'khola, osaswa, osadya, osalira. Nkhuku zinkakhala m'zisa tsiku lonse n'kudzuka popanda dzira.

Kenako kunabwera zinziri. Zinatera masana dzuwa lili paliwombo, zambirimbiri, kudzaza mabwalo ndi madenga. Zinziri zimalira, nonse mukudziwa. Izi zinali duu. Zonse zinaloza milomo kunjira yochokera kugombe, ndipo agalu ankazilambalala michira ili pansi.

Tsiku lomwelo Damoni anabwera kuchokera kuchilumba chachikulu kumene anakagulitsa nsomba. Anakhala pakhonde osakhudza chakudya.

"Amayi, kutsidyaku kuli nkhani," anatero kwa apongozi ake. "Akuti kuli mzimayi wapakati amene akuzungulira mayiko onse. Dzina lake ndi Leto. Si munthu ngati ife ayi, ndi wa mtundu wa milungu, ndipo mimbayo ndi ya Zeu, mfumu ya milungu yonse. Ndiye Hera, mkazi wamkulu wa Zeu, atamva, walumbiritsa nthaka kuti isamulandire. Akangoti akhale pansi, nthaka imamukankha. Mudzi wina anamuyalira mphasa, mawa lake zitsime zawo zonse zinali matope."

"Nanga mwini mimbayo ali kuti?" anafunsa Mirina.

"Akuti angokhala chete. Akuopa phokoso la m'nyumba."

Mirina anangopukusa mutu n'kupitiriza kusinja mankhwala ake.

Mawa lake matenda a kubereka anamuyamba Nikasa. Mirina anachita monga ankachitira azamba a kumeneko. Anamasula lamba wa mwana wake, anamasula tsitsi lake, anavundukula miphika yonse ndi kutsegula zitseko, kuti njira ya mwana itseguke. Koma atangotembenuka kukatenga madzi ofunda, anapeza lamba uja ali pansi atamangidwa mfundo ziwiri. Tsitsi la Nikasa linali ndi timfundo ting'onoting'ono kuyambira pamphumi mpaka kunkhongo. Atapisa dzanja m'thumba lake la zida, mpeni wodulira mchombo, umene anasiyiridwa ndi amayi ake, munalibe.

Tsiku linatha, lina n'kucha. Mwana sanatsike. Mawu a Nikasa anayamba kuchepa, ndipo Mirina ankadziwa bwino tanthauzo la kuchepa kumeneko.

Masana a tsiku lachiwirilo madzi anatha m'nyumba. Mirina anathamangira kuchitsime, nalumikiza nsalu yake kuchingwe chija kuti mtsuko ufike pansi. Akukoka, anamva zitseko zikutsekedwa, china pambuyo pa chinzake, kuchokera kumunsi kwa mudzi kubwera kumtunda. Zinziri zonse zinaimirira nthawi imodzi.

M'njira ya kugombe munkabwera mzimayi. Kugombeko kunalibe bwato lachilendo. Anali wamtali, wopanda nsapato, atavala nsalu yakuda yothetheka m'mphepete, manja onse awiri atagwirizira mimba yaikulu. Pamene wapondapo nthaka inkachita ming'alu ngati ikudzikoka kuthawa phazi lake. Patali kumbuyo kwake, pamwamba pa thanthwe, panakhala mimbulu inayi, pachilumba pamene chiyambire sipanaonekepo mmbulu.

Atafika pachitsime sanaime. Ankangozungulira pang'onopang'ono, phazi ili, phazi ilo.

"Mayi, mundigawireko madzi," anatero ndi mawu osasa.

Mirina anadziwa kuti uyu ndi ndani. Koma maso ake anali atapita kale pamimba paja, ndipo anaona kuti mimbayo yatsika kalekale. Anatunga madzi m'chikho n'kumayenda pambali pa mlendoyo uku akumumwetsa.

"Matendawa akuyambani liti?"

"Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi."

Mirina anaika dzanja pamimbapo akuyendabe. Kumanzere kunali kozizira ngati mwala wa pansi pa chitsime. Kumanja kunali kotentha ngati thanthwe la masana.

"Muli awiri umu," anatero.

"Ndikudziwa. Dzina langa ndine Leto. Musandigwire nthawi yaitali, mayi, mungalowe m'mavuto."

"Mavutowo afika kale kwanga. Tiyeni."

Anayenda limodzi mpaka pabwalo la nyumba ya Mirina. M'nyumba zoyandikana anthu ankakuwa kuseri kwa zitseko: "Achoke! Mirina, mutiphetsa!" Damoni anatuluka, nkhope itachita phulusa.

Koma Mirina sanali kuyang'ana Damoni. Pamtondo umene unali chafufumimba pafupi ndi khomo panakhala mzimayi wina. Anali atafunda nsalu yoyera kumutu mpaka pachifuwa, nkhope osaoneka. Miyendo anaipingasa. M'manja mwake munali ulusi wofiira, ndipo zala zake zinkamanga mfundo, ina pambuyo pa inzake, mosapumira. Dzuwa linali likuswa mtengo, koma iye analibe chithunzithunzi.

"Damoni, pamtondopo wakhalapo ndani?"

"Palibe munthu, amayi," anayankha Damoni.

Leto analankhula akuzungulirabe pabwalopo. "Sindikunamizani. Mfundozi zikutsata ine. Ndikapitirira, mwina zichoka nane ndipo mwana wanu achira. Mwinanso zichoka mochedwa."

"Mwamva, amayi?" anatero Damoni. "Apite! Chonde, apite. Nikasa akutha m'nyumbamu."

Mirina anaima pakati pa bwalo, mtsuko uli m'manja. Chiyambire ntchito yake anali asanabwezepo mzimayi wa matenda amenewa pakhomo pake. Koma amene ankabuula m'nyumbamo anali mwana wake yemwe, mmodzi yekhayo. Anatsegula pakamwa osadziwa chimene chitulukepo.

Pamenepo m'nyumba munamveka mawu aang'ono. "Amayi, ndani ali panjapo?"

"Mnzako wa matenda omwewa, mwanawe."

"Iye masiku angati?"

"Asanu ndi anayi."

Kenako Nikasa anati, "Musamuthamangitse, amayi. Ine awiri okhawa ndatsala pang'ono kufa."

Mirina anatsitsa mtsuko. Anatembenukira kwa Leto ndi nkhope yake ya pa ntchito.

"Mundiuze mawu enieni a lumbirolo. Osaonjezera, osachotsera."

"Hera anati: nthaka iliyonse imene dzuwa limaiwomba isamulandire Leto pobereka."

"Nthaka. Dzuwa. Basi?"

"Basi."

Mirina anaganiza za phanga la kumpoto kwa chilumbacho, limene nyanja imalowamo mpaka mkati, kumene asodzi ankabisalako mphepo ikavuta. Pansi pake ndi madzi okhaokha, ndipo dzuwa silinafikemo chilengedwere.

"Damoni, kankhira bwato lako pamadzi. Uyalemo zikopa zonse za m'nyumba muno. Ukatero ubwere udzanyamule mkazi wako."

"Amayi, a Hera akatiwona…"

"Atiwona kale. Thamanga!"

Anatsika kugombe anthu anayi, Damoni atanyamula Nikasa, Mirina atagwira nyale ya mafuta ndi mtsuko. Zinziri zinawapatukira njira. Leto atangoponda m'bwato, anangogwera pazikopa. Anatulutsa mpweya wautali, wa munthu amene sanakhale pansi kwa miyezi. Damoni anamugoneka Nikasa pambali pake, ndipo manja a awiriwo anapezana okha n'kugwirana.

Damoni anapalasa mpaka pakhomo la phanga. Poti mwamuna saonerera zoterezi, anatsikira m'madzi ofika m'chifuwa, nakankhira bwato mkati, iye n'kutsala panja atagwira chingwe, nkhope italoza kunyanja.

Mkati munali mdima ndi fungo la mchere. Madzi ankadontha kuchokera kudenga, tho, tho. Mirina anayatsa nyale n'kuikweza. Pakashelefu ka mwala, pamwamba pang'ono pa madzi, mzimayi wa nsalu yoyera uja anali atakhala kale, miyendo itapingasa, zala zikumanga ulusi.

Kenako china chake chinakhudza bwato kunsi. Chinadzikhuta pathabwa kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, pang'onopang'ono, ndipo chinatenga nthawi yaitali kuti chithe kudutsa. Chinatembenuka n'kudutsanso. Madzi a m'phangamo anayamba kununkha ngati khola la njoka.

"Chimenecho chanditsatira kuyambira kumapiri," ananong'ona Leto. "Chikudikira ana."

Mirina anagwada pakati pa azimayi awiriwo. Anasisita, anatembenuza, anawauza kuti akankhe. Palibe chinasuntha. Milomo ya Nikasa inali itayamba kuyera.

Atatopa, Mirina anakweza nyale n'kuyang'anitsitsa wa nsalu yoyera uja. Pamiyendo pake panali mpeni wake wodulira mchombo. Koma chimene chinamugwira mtima ndi manja. Zikhadabo zinali zowengedwa mpaka pamnofu. Mikono ya malaya inali yopindidwa kufika m'zigongono.

"Pepani, mayi," anatero Mirina mwaulemu. "Manja amenewo ndikuwadziwa. Ndi a mzamba."

Zala zija zinaphonya mfundo imodzi.

"Ndi mwana wa Hera ndi Zeu ameneyo," anatero Leto movutikira. "Ndi amene amatsegulira amayi onse njira. Amayi ake amutuma kuti atseke."

Uyu ndiye amene Mirina ankamutchula chamumtima pa ntchito iliyonse kwa zaka makumi atatu, amene ankamuthirira mafuta pansi mwana akabadwa bwino. Anagwada bwinobwino m'bwatomo.

"Ndakhala wantchito wanu moyo wanga wonse, ndiye mundilole ndilankhule. Amayi anu anakutumani, ndipo mwawamvera. Nthaka yonse mwaimanga, mpaka mbuzi zathu zikulephera kuswa. Palibe anganene kuti mwanyoza. Koma tayang'anani pansi pa mzimayiyu. Pali nthaka apa? Tayang'anani kumwamba. Mukuliona dzuwa?"

Nsalu yoyera ija inatembenuka pang'ono, kuyang'ana pamadzi, kenako kudenga.

"Kuno sanakutumeni," anapitiriza Mirina, mawu akukwera. "Ndipo ali m'mimba umu ndi ana a bambo anu. Ndi abale anu, magazi amodzi. Uyu winayu ndi mwana wanga, sanalakwire munthu. Mukufuna mudzakumbukire kuti munakhala pamwala manja ali pamiyendo, amayi awiri akufa pamaso panu? Ine ndili nawo asanu ndi awiri amene ndimawakumbukira. Sindigona nawo tulo. Inu musayambe."

M'phangamo munangomveka madzi odontha. Chinthu chija chinagunda bwato mwamphamvu, nyale n'kutsala pang'ono kuzima.

Zala zija zinaima. Wa nsalu yoyera anatambasula miyendo yake pang'onopang'ono. Anagwira nsonga ya ulusi n'kukoka kamodzi kokha, ndipo mfundo zonse zinamasuka motsatizana, phululu, ulusi n'kugwera m'madzi. Anatambasula dzanja, ndipo Mirina anangozindikira mpeni wake uli m'chikhatho mwake, chigwiriro chili chofunda.

Leto anakuwa, phanga lonse n'kuyankha.

Woyamba kubadwa anali mtsikana. Sanalire. Anatsegula maso, ndipo maso akewo anali owala mofatsa ngati mwezi pamadzi. Mirina anadula mchombo, namugoneka pachikopa, chifukwa wachiwiri anali atagona chopingasa ndipo ankafuna manja onse awiri. Nthawi yomweyo Nikasa anafuula, "Amayi! Akubwera! Amayi!"

Mzamba mmodzi, amayi awiri. Mirina anali atapisa kale manja kutembenuza mwana wa Leto, ndipo akanawachotsa akanataya onse, mayi ndi mwana. "Limba, mwanawe! Ndikubwera!" anakuwa misozi ikutsika.

Atacheuka anaona chimene sanachiiwale mpaka imfa yake. Kakhanda kaja, kosasambitsidwa n'komwe, kanali katadzuka. Kanakwawa pazikopa mpaka pamene panali Nikasa, n'kuika kadzanja kake pamimba pake. Nikasa analeka kufuula. Anapuma kamodzi mozama, nakankha, ndipo mwana anatuluka bwinobwino ngati nsomba yopulumuka m'manja. Anali mtsikana, ndipo analira mokweza mwakuti Damoni panja paja anayamba kulira nayenso.

Pomwepo mwana wachiwiri wa Leto anatembenuka m'manja mwa Mirina n'kubadwa. Anali mnyamata. Mmene ankatuluka, m'phanga monse munayera ngati denga lachotsedwa. Mirina anaona mwala uliwonse, nkhanu iliyonse m'ming'alu, mpaka mchenga wa pansi pa madzi. Pansipo chinthu chachitali chakuda chinadzipinda mofulumira kubisa mutu, chinathawira kukhomo, n'kudutsa pafupi ndi miyendo ya Damoni kulowera kunyanja yakuya. Pakashelefu ka mwala paja panalibenso munthu.

Kumudzi kunabuka phokoso limene linamveka mpaka kuphangako. Mbuzi zinalira, nkhuku zinatetera, zinziri zonse zinauluka nthawi imodzi ngati bingu. Mfundo imene Damoni anamangira chingwe kubwato inamasuka yokha, ndipo anachita kulowa m'phangamo maso atatsinzina kuti akaligwire ndi manja.

"Tsegula maso, bambo wa mwana," anatero Mirina. "Tatha."

Damoni anayang'ana m'bwato. Munali makanda atatu. Awiri ankamuyang'ana phee, ndi maso a anthu odziwa kale zonse. Wachitatu anali wofiira, nkhonya zili gwa, akulira ngati wabedwa.

"Wathu ndi uti?" anafunsa mopusa.

"Waphokosoyo," anayankha Nikasa, akuseka ndi mphamvu zochepa zimene zinamutsalira.

Atafika kugombe anapeza mudzi wonse utasonkhana, omwe aja ankakuwa kuseri kwa zitseko. Leto anaimirira m'bwato, mwana kudzanja ili, mwana kudzanja ilo, natsitsa phazi limodzi pamchenga. Nthaka inakhala bata. Anatsitsa linalo, nayenda masitepe atatu, n'kukhala pansi, miyendo atatambasula ngati mzimayi aliyense wotopa. Pozungulira pamene anakhalapo, pamiyala pouma paja, panatuluka timaluwa tachikasu.

Mayi wina wachikulire anayamba nthungululu, ena onse n'kulandira. Amuna anathamangira kukatenga mphasa, amayi anabwera ndi madzi ofunda ndi mkaka wa mbuzi zimene zinali zitangoswa kumene.

"Mtsikanayu ndi Aritemi," anatero Leto kwa Mirina. "Mnyamatayu ndi Apolo. Mayiko onse amene ananditsekera zitseko adzawamangira akachisi. Koma woyamba kuwagwira ndinu. Pemphani chimene mukufuna."

Mirina anayang'ana manja ake, amene anali asanasambe. Anaganiza za nyumba yake yodontha ndi msana wake wowawa. Kenako anayang'ana atsikana a pamudzipo amene anaima kumbuyo, ena mimba zitayamba kuoneka.

"Ndili ndi mayina asanu ndi awiri," anatero. "Ndikupempha kuti lisaonjezekepo lina."

Leto anayang'ana mwana wake wamkazi. Kakhandako kanatambasula dzanja, n'kugwira chala chachikulu cha Mirina, kukanikiza mwamphamvu ngati munthu wamkulu wotsimikiza pangano.

Anakhala pachilumbapo masiku atatu. Tsiku lachinayi m'mawa anthu anaona Leto akukwera njira ya kuthanthwe, ana awiri aja akuyenda okha pambali pake, mimbulu inayi ili patsogolo. Atafika pamwamba sanaonekenso.

Mirina anagwira ntchito ya uzamba zaka zina makumi awiri ndi zitatu, ndipo pa zaka zonsezo sanaike m'manda mayi ngakhale mmodzi. Azimayi ankachokera kuzilumba zakutali, kupalasa masiku awiri, kuti adzachirire m'manja mwake. Ena mwa iwo, matenda akafika povuta penipeni, ankati amva kadzanja kozizira kakuwagwira pamimba, ndipo ankafunsa kuti kamwana kalowa m'chipindamo n'ka yani.

Mirina sankacheuka n'komwe.

"N'ka kwathu konkuno," ankatero. "Kankhani."